Maso a M'mlengalenga: Ntchito ya Bwalo la Ndege la Benson

Iyi ndi imodzi mwa nkhani zimene zinakambidwa pa wailesi. Tailemba muno kuti amene sanaimve aiwerenge, ndiponso kuti odziwa kuwerenga awerengere anzawo pabwalo.



Ambiri a inu munaonapo mapu aakulu amene amapachikidwa mu ofesi ya Bwanamkubwa kapena ya alangizi a zaulimi. Pa mapu amenewo pali mitsinje ndi makhwawa ake, mapiri ndi zitunda, madambo, misewu ndi midzi. Kodi munadzifunsapo kuti anayenda dziko lonseli ndani kuti alembe zonsezi? Yankho lake ndi lakuti mbali yaikulu ya ntchitoyi sinachitike ndi miyendo ayi. Inachitika ndi ndege zonyamula makamera, ndipo luso limeneli linakulira m'nkhondo, pa bwalo lina la ndege za asilikali ku England lotchedwa Benson. Madzulo ano ndifuna kukufotokozerani ntchito ya bwalo limenelo, magulu a anthu amene anali pamenepo, ndi m'mene ntchito yawo inafikira kuno kwathu.

Benson ndi mudzi wa m'boma la Oxfordshire, pafupi ndi mtsinje wa Thames, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Oxford. Asilikali a m'mlengalenga a Britain, amene amatchedwa Royal Air Force, kapena mwachidule R.A.F., anatsegula bwalo lawo pamenepo mu Epulo 1939, patatsala miyezi isanu kuti Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse iyambe. Kuyambira Disembala 1940 kufikira chaka cha 1953, Benson linali likulu la ndege zozonda ndi kujambula.

Kuzonda ndi nzeru yakale

Makolo athu anaidziwa bwino ntchito ya azondi. Mtsogoleri wanzeru sanali kutumiza ankhondo ake asanayambe watumiza anthu awiri kapena atatu, ochenjera ndi opepuka miyendo, kukaona kumene adani amanga linga, kukawerenga amuna a m'lingamo, ndi kukapeza pamene mtsinje uli wosaya. Mzondi sanali kupita kukamenya nkhondo. Akagwidwa, ntchito yake yalephera; akafa, zimene anaona zafera naye limodzi. Chofunika kwa iye chinali kupita, kuona ndi kubwerera.

Dziko la France litagwa m'manja mwa Ajeremani mu Juni 1940, gombe lonse kuyambira ku Norway kufikira kumalire a Spain linali la adani. Angerezi anali ndi mafunso ambiri: Kodi mabwato odzaolotsa asilikali a Hitler akusonkhana pa madooko ati? Kodi sitima zazikulu za nkhondo zili kuti lero? Kodi mabomba amene tinaponya dzulo anagwera pa fakitale kapena m'munda? Popeza munthu sanathe kuyendako ndi miyendo, panatsala njira imodzi yodalirika, ndiyo ya kumwamba.

Pachiyambi cha nkhondo, R.A.F. inali kutumiza ndege zoponya mabomba zotchedwa Blenheim kukajambula. Ndege zimenezi zinali ndi mfuti, koma zinali zochedwa, ndipo zambiri zinagwetsedwa zisanabwere ndi chithunzi ngakhale chimodzi. Tsono msilikali wina wachinyamata, Maurice Longbottom, anapereka maganizo achilendo. Iye anati ndege yozonda isadalire mfuti, koma idalire liwiro ndi kukwera pamwamba. Munthu wina wa ku Australia, Sidney Cotton, amene anali atajambulapo kale mobisa malo a Ajeremani nkhondo isanayambe, anapatsidwa kagulu kakang'ono pa bwalo la Heston pafupi ndi London kuti ayese maganizowo. Anatenga ndege yaliwiro yotchedwa Spitfire, nachotsamo mfuti zonse, nasalaza thupi lake, naikamo makamera. Ulendo woyamba wa Spitfire yotere unachitika mu Novembala 1939. Ajeremani ataponya mabomba pa Heston mu 1940, gululo linasamukira ku Benson, mtsogoleri wake ali Geoffrey Tuttle.

Ulendo wa munthu mmodzi

Tiyeni tione m'mene ulendo umodzi unali kuyendera. M'mamawa woyendetsa ndege anali kuitanidwa ku chipinda cha malangizo. Kumeneko odziwa zanyengo anali kumuuza kumene kuli mitambo ndi kumene mphepo ikuchokera, ndipo ena anali kumuonetsa pa mapu malo amene ayenera kujambula. Akatero anali kuvala zovala zochindikala, nakwera m'ndege yake ali yekha.

Ndegeyo inali yopakidwa utoto wobiriwira monga thambo, kuti isaoneke msanga. M'mapiko, mmene mukadakhala mfuti, munali petulo wodzaza. Chifukwa cha petulo ameneyo Spitfire inatha kupita ku Berlin, mtunda wa mailosi pafupifupi 600, ndi kubwerako osatera paliponse. Kawirikawiri inali kuuluka pa mapazi 30,000. Kuti mumvetse, kumbukirani kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje sifika mapazi 10,000. Ndiye kuti ndegeyi inali kukwera katatu kuposa pamenepo. Kumwambako mpweya ndi wochepa, kotero kuti munthu anali kupuma mpweya wa m'mabotolo. Kuzizira kwake nkoopsa: madzi amauma nthawi yomweyo, ndipo makamera anali kuwatenthetsa ndi mpweya wofunda wochokera ku injini kuti magalasi ake asachite chifunga.

Kwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi munthuyo anali kupeza njira ndi mapu, kampasi ndi wotchi basi. Anali kuyang'ananso kumbuyo kawirikawiri pa kagalasi, pakuti ndege ikafika mu mpweya wina wozizira imasiya mzera woyera pathambo, monga mumaonera nthawi zina ndege zikamadutsa. Mzera umenewo unali ngati chala cholozera adani kuti, "Uyo ali apo!" Akauona anali kutsika kapena kukwera msanga kuti uleke.

Nthawi yoopsa kwambiri inali pofika pa malo ojambula. Makamera anali kumbuyo kwa mpando wake, atayang'ana pansi, ndipo iye sanathe kuona chimene chili pansi pake penipeni. Anali kupendeketsa ndege kuti aone malowo, kenaka naiwongola, natsegula makamera. Pamenepo anayenera kuyenda molunjika, osakhota ndi osapendekeka, ngakhale mizinga ya pansi ikuwomba. Tsiku la mitambo yambiri ena anali kutsika pansi zedi, pansi pa mitamboyo, ndi kamera yoyang'ana cham'mbali. Ndege zina za ntchito imeneyi zinali kupakidwa utoto wofiirira pang'ono, wofanana ndi mitambo ya m'bandakucha.

Mu Sepitembala 1941 ndege ina yatsopano inayamba ntchito yomweyi kuchokera pa Benson. Dzina lake linali Mosquito, ndiko kuti udzudzu. Inali ya mainjini awiri, yonyamula anthu awiri, woyendetsa ndi wolondola njira, ndipo thupi lake linali la matabwa omatidwa ndi guluu. Amisiri opala matabwa ndi opanga mipando ndiwo anathandiza kuipanga. Nayonso inalibe mfuti pa ntchito yozonda, koma inafika kutali kuposa Spitfire.

Magulu asanu

Ntchito itakula, gulu limodzi lija linagawidwa. Mu Okutobala 1942 munatuluka magulu asanu, lililonse ndi nambala yake ndi dera lake.

Gulu la 540 linali la ndege za Mosquito. Linayambira ku Leuchars ku Scotland, ndipo ntchito yake inali ya maulendo ataliatali, makamaka ku Norway ndi ku nyanja ya Baltic.

Gulu la 541 ndi gulu la 542 anali a ndege za Spitfire, okhazikika pa Benson pomwepo. Iwo anali kujambula madooko, mabwalo a ndege, njanji ndi mizinda ya ku France, Belgium, Netherlands ndi Germany.

Gulu la 543 linalinso la Spitfire. Mu 1943 linatumiza ena mwa anthu ake kumpoto kwa Russia kukalonda sitima yaikulu ya Ajeremani yotchedwa Tirpitz, imene inali kubisala m'magombe a Norway. Gululi linathetsedwa kumapeto kwa chaka chomwecho.

Gulu la 544 linayamba ndi kuyesa kujambula usiku, ndipo pambuyo pake linalandira ndege za Mosquito.

Monga mfumu yaikulu ili ndi anyakwawa m'midzi yakutali, Benson linali ndi timagulu pa mabwalo ena: ku Wick kumpoto kwa Scotland, ku St Eval kum'mwera chakumadzulo kwa England, ndi ku Gibraltar. Bwalo lina lapafupi, la Mount Farm, linapatsidwa kwa asilikali a ku America mu 1943 kuti nawonso azichita ntchito yomweyo. Mu 1944 magulu a R.A.F. ojambulawa anaikidwa pansi pa utsogoleri umodzi wotchedwa gulu lalikulu la 106, likulu lake pa Benson.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Woyendetsa ndege anali mmodzi kumwamba, koma pansi panali anthu ambiri omugwirira ntchito. Panali amakaniko amene anali kukonza injini usiku wonse, podziwa kuti ikazima pamwamba pa nyanja munthuyo sadzaonekanso. Panali oika ndi ochotsa makamera, otsuka mafilimu m'zipinda zamdima, osindikiza zithunzi, oyeza nyengo, ophika ndi oyendetsa magalimoto. Ambiri mwa anthu amenewa anali amayi.

Owerenga zithunzi

Chithunzi chojambulidwa kuchokera pa mapazi 30,000 sichifanana ndi chithunzi cha paukwati. Munthu wosazolowera akachiona amangoona madontho ndi mizera. Nyumba imaoneka denga lokha, mtengo umaoneka ngati kambewu ka mpiru. Chifukwa chake panafunika anthu ena apadera, owerenga zithunzi.

Ntchito yawo inali ya masitepe atatu. Ndege ikangotera, filimu inali kutsukidwa msanga, ndipo owerenga oyamba, pafupi ndi bwalo pomwepo, anali kufufuza zinthu zofulumira, monga ngati sitima ya nkhondo yachoka pa dooko. Yankho linali kutumizidwa m'maola ochepa. Kenaka zithunzi zinali kupita ku Medmenham, mailosi osakwana 20 kuchokera ku Benson, m'nyumba yaikulu yotchedwa Danesfield House, imene inayamba ntchitoyi mu Epulo 1941. Kumeneko gulu lachiwiri linali kuona zithunzi zonse za tsikulo ndi kulemba lipoti tsiku lisanathe. Gulu lachitatu linali la akatswiri: ena a ndege zokha, ena a sitima zokha, ena a njanji, ena a mafakitale. Pofika 1945 pa Medmenham panali anthu oposa 1,700, ndipo zithunzi zatsopano zolowa tsiku limodzi zinali kufika 25,000.

Chida chawo chachikulu chinali chaching'ono: magalasi awiri oima pa timiyendo. Kamera ya m'ndege inali kujambula motsatizana, kotero kuti chithunzi chilichonse chinali kubwereza magawo 60 pa 100 a chinzake chapitacho. Motero malo aliwonse anali kujambulidwa kawiri, kuchokera mbali ziwiri zosiyana pang'ono. Yesani izi: tambasulani dzanja, imikani chala, tsinzinani diso limodzi, kenaka linzake. Mudzaona chala chikusuntha. Kusiyana kumeneko ndiko kumatithandiza kudziwa chapafupi ndi chakutali. Woika zithunzi ziwirizo pansi pa magalasi, diso lililonse pa chithunzi chake, amaona mapiri akutukuka, zigwa zikuzama, ndi nyumba zikuimirira, kotero kuti angathe kuyeza ngakhale msinkhu wake.

Koma chida chokha sichikwanira. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mlimi akaona kanjira m'udzu amadziwa kuti kakupita kuchitsime, ndipo akaona mapazi amadziwa ngati zadutsa ndi mbuzi kapena nguluwe. Owerenga zithunzi anaphunzira nzeru yomweyo. Mthunzi unali kuwauza maonekedwe a chinthu. Tinjira tatsopano m'munda tinali kuulula mzinga wobisika. Koposa zonse, anali kufanizira chithunzi cha lero ndi cha mwezi watha. Mu 1941 Ajeremani anaphimba mbali ina ya nyanja yaing'ono ya pakati pa mzinda wa Hamburg ndi matabwa opakidwa utoto ngati nyumba ndi misewu, kuti asocheretse ndege zoponya mabomba. Zithunzi zakale zinaonetsa madzi pamalopo, ndipo chinyengocho chinadziwika. Pakati pa owerengawa panali aphunzitsi a sukulu zaukachenjede, ofukula za makedzana monga Dorothy Garrod, ndiponso Sarah Churchill, mwana wa nduna yaikulu Winston Churchill.

Zimene maso amenewa anaona

Pa 21 Meyi 1941 mnyamata wina, Michael Suckling, ananyamuka pa Wick ndi Spitfire yake, najambula sitima ziwiri m'gombe lina pafupi ndi Bergen ku Norway. Owerenga anazindikira kuti imodzi inali Bismarck, sitima yoopsa ya Ajeremani imene inali pa ulendo wokamiza sitima zonyamula chakudya cha Britain. Anayamba kuisaka, ndipo pa 27 Meyi inamizidwa.

Mu Disembala 1941 Tony Hill anatsika pansi pa gombe la France, pa malo otchedwa Bruneval, najambula chinthu chonga mbale yaikulu choimikidwa pafupi ndi nyumba ina. Anali makina a rada, amene amazindikira ndege zili kutali. Mu Febuluwale 1942 asilikali anatera pamenepo usiku ndi maparachuti, namasula zigawo za makinawo, napita nazo ku England kuti akaziphunzire.

Usiku wa pa 16 Meyi 1943 ndege za R.A.F. zinaphwanya madamu awiri aakulu ku Germany. M'mawa mwake Jerry Fray wa gulu la 542 ananyamuka pa Benson, nabwera ndi zithunzi za damu la Möhne litang'ambika pakati, madzi akusefukira m'chigwa. Chithunzicho chinaonetsa khoma logumuka, koma sichinaonetse nkhope za anthu oposa 1,000 amene anamira, ambiri mwa iwo akaidi ndi amayi ogwidwa ku maiko ena kudzagwira ntchito ya thangata. Tisaiwale kuti diso lozonda la nkhondo limatsogolera imfa, ndipo imfayo sisankha.

Ntchito yaikulu koposa inali ya pa Peenemünde, pa gombe la Baltic, kumene Ajeremani anali kuyesa mobisa zida zatsopano. Zithunzi za 1943 zinaonetsa mizinga yaitali youluka yokha, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho ndege pafupifupi 600 zinaponya mabomba pamalopo. Pa zithunzi zimene Mosquito ya gulu la 540 inajambula pa 28 Novembala 1943, mayi wina wa pa Medmenham, Constance Babington Smith, anaona kamtanda kakang'ono zedi pa kanjanji kopendekeka. Kanali kandege kopanda munthu konyamula bomba, kamene kanatchedwa V-1. Pamenepo anamvetsa tanthauzo la zomanga zachilendo zambiri zimene zinali kuoneka kumpoto kwa France, zoloza ku London. Malo amenewo anaphwanyidwa, ndipo V-1 yoyamba sinagwe pa London kufikira pa 13 Juni 1944, patapita sabata imodzi asilikali ogwirizana atatera kale ku Normandy. Kutera kumenekonso, kwa pa 6 Juni 1944, kunakonzedwa ndi mapu ndi zifanizo za magombe zoumbidwa potsata zithunzi za m'ndege.

Ntchitoyi inadya miyoyo. Michael Suckling sanabwerere ku ulendo wina wa ku France mu Julaye 1941, patangopita miyezi iwiri chijambulire Bismarck. Alastair Gunn anagwetsedwa ku Norway mu Malichi 1942 pofunafuna Tirpitz. Anagwidwa, nathawa m'ndende ya akaidi a nkhondo mu Malichi 1944 pamodzi ndi anzake, koma anagwidwanso naphedwa ndi apolisi a Hitler. Ambiri ena anangosowa, popanda wodziwa pamene anagwera, pakuti anali okha.

Kunalinso magulu ena a R.A.F. ochita ntchito yomweyi ku maiko akutali. Ku India ndi ku Burma kunali gulu la 681 ndi gulu la 684. Ku Burma komweko ndiko kumene asilikali athu a K.A.R. anamenya nkhondo mu 1944, m'nkhalango zowirira za chigwa cha Kabaw.

M'mene ntchitoyi inafikira kuno

Nkhondo itatha mu 1945, panali ndege, makamera ndi anthu odziwa ntchito, koma panalibe mdani womuzonda. Nthawi yomweyo maiko ambiri a mu Africa analibe mapu abwino. Munthu wofuna kulambula msewu, kumanga mlatho kapena damu anali kuyamba ndi kungoganiza. Kuyeza dziko lonse ndi miyendo kukadatenga mibadwo.

Chotero mu 1946 Boma la Britain linakhazikitsa ofesi yopanga mapu yotchedwa Directorate of Colonial Surveys, mtsogoleri wake Martin Hotine. Mu Okutobala chaka chomwecho gulu la 82 la R.A.F. linakhazikitsidwanso pa Benson. Linapatsidwa ndege za Lancaster, za mainjini anayi, zimene pa nkhondo zinali kunyamula mabomba. Tsopano zinanyamula makamera. Gululi linagwira ntchito mu Africa kufikira 1952, pogwiritsa ntchito mabwalo monga Eastleigh pafupi ndi Nairobi ndi Takoradi ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Linajambula mbali zazikulu za kumadzulo, kum'mawa ndi pakati pa Africa, ndipo Nyasaland ndi Northern Rhodesia anali m'gulu la maiko amenewo. Pambuyo pake makampani a ndege anapitiriza ntchitoyi.

Kuno kunalibe mizinga, koma kunali adani ena awiri: mitambo ndi utsi. M'dzinja mitambo imaphimba dziko. M'chilimwe, anthu akayamba kutentha tchire, utsi umadzaza mlengalenga kotero kuti kamera siona pansi bwino. Nthawi yabwino inali yochepa, mvula itangotha, moto usanayambe.

Ndiponso chithunzi chokha sichikhala mapu. Ndege imapendekeka, imakwera ndi kutsika, ndipo phiri limaoneka lalikulu kuposa chigwa chifukwa lili pafupi ndi kamera. Chifukwa chake oyeza malo anali kukwera mapiri ndi onyamula katundu awo, namanga zipilala za simenti pa nsonga, nayeza bwinobwino mtunda ndi msinkhu wa chipilala chilichonse. Zipilala zimenezo zili ngati zikhomo zimene mmisiri amakhoma asanayambe kumanga nyumba: zithunzi zonse zimakokedwa ndi kuwongoledwa potsata izo. Pa ntchito yotere panatuluka mapu a muyeso wa 1:50,000, ndiko kuti masentimita 2 pa pepala akuimira kilomita imodzi pa nthaka. Ofesi ija inasintha dzina mu 1957 nikhala Directorate of Overseas Surveys, ndipo inapitiriza kuthandizana ndi Dipatimenti yathu yoyeza malo ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964. Zithunzi zake zakale zikusungidwa ku Edinburgh ku Scotland. Wozifanizira ndi zithunzi za masiku ano amatha kuona pamene panali nkhalango, pamene mtsinje unali kudutsa, ndi pamene nthaka yakokoloka.

Benson pambuyo pake

Mu 1953 magulu ojambula anachoka pa Benson nasamukira ku bwalo la Wyton. Nthawi imeneyo anali atayamba kulandira ndege zatsopano za jeti zotchedwa Canberra. Mu Okutobala 1953 Canberra ya gulu la 540 inapambana mpikisano wochokera ku London kupita ku Christchurch ku New Zealand, itayenda maola osakwana 24. Ndege za mtundu umenewu zinagwira ntchito yojambula kwa zaka zoposa 50. Mu 1996 imodzi inatumizidwa ku Entebbe ku Uganda kukafunafuna othawa nkhondo amene anabalalika m'nkhalango za kum'mawa kwa Zaire, ndipo zomalizira zinapuma mu 2006. Masiku ano ntchito yozonda imachitika kwambiri ndi masetilaiti ndi ndege zopanda munthu. Bwalo la Benson lilipobe, koma ndi la ndege za helikopita. Pa chipata chake pali chifanizo cha Spitfire ya utoto wa thambo, chokumbutsa anthu aja amene anali kupita okha opanda mfuti.

Mawu kwa mafumu ndi alimi

Tsono nkhani imeneyi ikutikhudza bwanji ife a kumudzi? Ndili ndi mawu atatu.

Oyamba ndi a zipilala. Ngati pa phiri la m'dera lanu pali chipilala cha oyeza malo, kapena pa malire pali chikhomo cha simenti, chisungeni. Pansi pake palibe chuma chokwiriridwa ayi, ndipo wochigumula pofuna chitsulo kapena miyala amaononga ntchito imene anthu anavutikira masabata ambiri. Inu mafumu, auzeni anyamata oweta ng'ombe ndi osaka mbewa zimenezi.

Achiwiri ndi a maina. Kamera imaona mtsinje koma sidziwa dzina lake. Imaona nyumba koma sidziwa kuti mudziwo ndi wa yani. Maina amene ali pa mapu anachokera m'kamwa mwa anthu okhala pamalopo. Oyeza malo akafika kwanu kudzafunsa, auzeni dzina lenileni, ndipo onetsetsani kuti alilemba bwino, pakuti dzina lolakwika likalowa pa mapu limakhala zaka zambiri.

Achitatu ndi a malire a minda, ndipo ndiwo aakulu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yakuti mabanja alembetse minda yawo, ndipo pa ntchito imeneyi zithunzi za kumwamba zimagwiritsidwa ntchito. Chithunzi chidzaonetsa mizere ya munda, chulu, mtengo wa mango ndi kanjira. Koma sichidzanena kuti munda uwu ndi wa mayi wamasiye uja, kapena kuti tsala ili anangobwereka, kapena kuti kankhalango ako ndi manda. Zimenezo amadziwa ndinu. Tsiku loyenda m'malire likafika, musatume mwana. Pitani nokha, itanani eni minda ya mbali zonse ziwiri, amayi ndi abambo, ndipo aliyense aloze malire ake mnzake akuona. Mzera wolembedwa tsiku limenelo udzaweruza milandu ya adzukulu anu.

Ku Medmenham anadziwa kuti chithunzi chilibe phindu popanda munthu wodekha wochiwerenga. Pa nkhani ya malo a mudzi wanu, owerenga amenewo ndinu.